Luso Loimika Mtima m'Masewero a pa Wayilesi ndi m'Nyimbo: Zomwe Mlembi wa Chichewa Angatolepo

Mawu Oyamba

Palibe munthu amene amakonda mantha, komabe anthu ambiri amakonda nkhani zoopsa. Mwana amene usiku amabisa nkhope m'chitenje cha amayi ake pomva nthano ya fisi ndi yemweyo amene mawa lake amaumiriza agogo kuti ayibwerezenso. Luso logwira womvera motere ndi lakale ngati nthano zomwe, koma m'zaka za m'ma 1900 linachoka pamoto n'kulowa m'wayilesi, kenaka m'kanema, mpaka linafika m'nyimbo za magulu oyimba a rock.

Nkhani ino ikufotokoza momwe lusoli limagwirira ntchito. Iyamba ndi mapologalamu akale a kunja omwe ankaulutsa nkhani yatsopano sabata iliyonse, kenaka ione masewero a pa wayilesi ya MBC monga momwe ankawamvera anthu akumudzi, makamaka kwathu kwa Kaduya m'boma la Phalombe. Ionanso zida zomwe chiyankhulo cha Chichewa chili nazo pa ntchito imeneyi, ndi mbali ya oyimba. Mfundo yaikulu ndi yakuti nkhani yoopsa imakhala yothandiza ikakhala ndi mpanda, kutanthauza chiyambi ndi mathero odziwika bwino, ndipo imasanduka chiphe mpandawo ukagwa.

Kuimika Mtima N'kutani?

Tiyenera kusiyanitsa kudzidzimutsa ndi kuimika mtima, chomwe Angerezi amati suspense. Alfred Hitchcock, katswiri wopanga mafilimu wa ku Britain, ankafotokoza kusiyanaku ndi chitsanzo cha bomba lobisidwa pansi pa tebulo. Ife tingachifotokoze ndi dengu. Mayi akapisa dzanja m'dengu la nandolo n'kulumidwa ndi njoka yomwe womvera sankaidziwa, womverayo amadzidzimuka kamphindi kochepa basi. Koma womvera akauzidwa poyamba kuti njoka yalowa m'dengumo, ndiye mayiyo n'kufika akuimba, n'kukhala pafupi ndi dengu, n'kuyamba kucheza ndi mnzake za mtengo wa feteleza, mawu aliwonse a machezawo amasanduka olemera. Womvera amafuna kukuwa kuti amuchenjeze koma alibe njira.

Choncho kuimika mtima kumafuna zinthu zitatu. Choyamba, womvera adziwe kanthu kena komwe mpangankhani sakukadziwa. Chachiwiri, womverayo akhale atamukonda mpangankhaniyo kotero kuti tsoka lake limukhudze. Chachitatu, pakhale nthawi yodikira, yomwe mlembi amaitalikitsa mwadala.

Mapologalamu Akale a Nkhani Imodziimodzi

Ku America, m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1950, kunabuka mapologalamu omwe sabata iliyonse ankabweretsa nkhani ina, ampangankhani ena ndi malo ena. Chomwe sichinkasintha chinali dzina la pologalamu, nyimbo yotsegulira ndi mawu a wolandira omvera. Lights Out inayamba mu 1934. Inner Sanctum Mysteries, yomwe inayamba mu 1941, inkadziwika ndi kulira kwa chitseko chotseguka pang'onopang'ono. Yotchuka koposa inali Suspense ya wayilesi ya CBS, yomwe inamveka kuyambira 1942 mpaka 1962 ndipo inaulutsa masewero oposa 900. Ku Britain, BBC inayambitsa Appointment with Fear mu 1943, ndipo ku South Africa, komwe Amalawi ambiri ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'nyumba za azungu, Springbok Radio inali ndi pologalamu yotchedwa The Creaking Door.

Sewero lomwe limaonetsa bwino mphamvu ya wayilesi ndi Sorry, Wrong Number, lolembedwa ndi Lucille Fletcher, lomwe linaulutsidwa koyamba pa Suspense mu 1943. Mayi wodwala, wosatha kudzuka pabedi, akuyesa kuimbira foni mwamuna wake. Mawaya asokonekera ndipo akumva amuna awiri akupangana zopha mayi wina usiku womwewo, panthawi yomwe sitima ya pamtunda ikhale ikudutsa kuti kukuwa kwake kusamveke. Akuimbira apolisi ndi ena, koma palibe womulabadira. Womvera amazindikira msanga kuti wophedwayo ndi mayi yemweyu, iye mwini asanazindikire. Sewero lonse lili m'chipinda chimodzi, ndipo zida zake zazikulu ndi mawu a mayiyo, mawu a anthu omveka pa foni, kulira kwa foni ndi phokoso la sitima.

Kanema atafala, mtundu umenewu wa pologalamu unasamukira kumeneko. Alfred Hitchcock Presents inayamba mu 1955, ndipo The Twilight Zone ya Rod Serling inaonetsedwa kuyambira 1959 mpaka 1964. M'mapologalamu onsewa munali munthu wotsegula ndi kutseka nkhani. Ntchito yake ikufanana ndi ya wonena nthano kwathu kuno, amene amayamba ndi "padangokhala", omvera n'kuyankha "tili tonse", ndipo pomaliza amatuma ana kukaphula mbatata. Mawu amenewa ndiwo mpanda. Amauza mwana kuti tsopano talowa m'dziko la nthano, ndipo pamapeto amamutulutsamo kuti akagone mtima uli m'malo.

Nkhani ya sabata imodzi ili ndi mwayi womwe sewero lopitirira lilibe. M'sewero lopitirira, womvera amadziwa kuti mpangankhani wamkulu safa chifukwa akufunika sabata yamawa. M'nkhani yothera pomwepo aliyense angathe kufa, ndipo womvera amadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi.

Masewero a pa Wayilesi ku Malawi

Anthu a dziko lino anayamba kumva Chinyanja pa wayilesi kudzera ku siteshoni ya ku Lusaka yomwe inkaulutsira Afirika a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa koyendera batire kotchedwa Saucepan Special, komwe maonekedwe ake anali ngati sefuliya. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 inali wayilesi yokhayo ya m'dziko muno. Kanema wa dziko lino, Television Malawi, anayamba mochedwa kwambiri, mu 1999. Izi zikutanthauza kuti pamene anthu a ku America ankaonera The Twilight Zone, ndiponso kwa zaka zina 35 pambuyo pake, Mmalawi wa kumudzi ankalandira sewero kudzera m'khutu basi.

Kwa Kaduya, monga m'madera ena akumidzi, wayilesi sinali ya munthu mmodzi. Khomo lomwe linali ndi wayilesi ya Nzeru kapena ina iliyonse linkasanduka bwalo madzulo. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa kuti afikitse tsiku la sewero. Kumvera kunali kwa gulu: wina ankaseka, wina ankadzudzula mpangankhani ngati akumuona, ndipo sewero likatha mtsutso unkapitirira mpaka kumunda mawa lake. Kamvedwe kotere kakufanana kwambiri ndi ka nthano kusiyana ndi ka munthu wokhala yekha ndi foni m'manja.

Pologalamu yoyandikira kwambiri mtundu womwe tafotokozawu inali Sewero la Sabata Ino, yomwe dzina lake lomwe likusonyeza kuti sabata iliyonse inali ndi nkhani yakeyake. Pa Chingerezi panali Theatre of the Air. Panalinso Kapalepale, yomwe anthu amaikumbukira limodzi ndi dzina la Smart Likhaya Mbewe, komanso Pamajiga. Pambuyo pa 1994 kunabwera masewero a mabungwe monga Zimachitika la Story Workshop, lomwe linayamba mu 1997, ndi Tikuferanji la bungwe la ADRA, momwe Michael Usi ankasewera ngati Manganya pa wayilesi ndi pa kanema pomwe.

Tikaona mndandanda umenewu tipeza kuti masewero athu anakula m'njira ziwiri, yoseketsa ndi yolangiza. Njira yachitatu, yoimika mtima, sinakule mofanana nazo. Zifukwa zake zilipo. Kuyambira mu 1968 kunali lamulo lounika zofalitsa ndi zisangalalo, ndipo mlembi aliyense ankadziwa kuti zolemba zake zidutsa m'manja mwa ounika. Nkhani yoimika mtima imakonda zinthu monga kugogoda pachitseko pakati pa usiku, munthu kusowa mosadziwika, ndi mnansi wosadalirika. M'nthawi ya chipani chimodzi zinthu zimenezi zinkachitikadi, ndipo kuziika m'sewero kukanaoneka ngati kuloza boma chala. Nthabwala inali pobisalira pabwino. Ufulu utabwera, ndalama zambiri zopangira masewero zinachokera ku mabungwe omwe anali ndi uthenga woti ufike kwa anthu, wa Edzi, ulimi kapena ufulu wachibadwidwe. Masewerowa anagwira ntchito yotamandika, koma sewero lomwe phunziro lake ladziwika kale limavutika kuimika mtima, pakuti womvera amaona mathero akadali kutali.

Zida Zomwe Chichewa Chili Nazo

Kuchepa kwa masewero otere sikukutanthauza kuti chiyankhulo chathu n'choperewera. Pali zida zinayi zomwe mlembi wa pa wayilesi angagwiritse ntchito.

Choyamba ndi mvekero. Mawu monga zii, gogogo, tswatswa, gubudu ndi phwii amachita m'kamwa zomwe akatswiri a ku CBS ankachita ndi zitseko ndi nsapato mu situdiyo. Mpangankhani akanena kuti "kunja kuli zii", womvera amamva bata lomwe lili ndi kanthu m'kati mwake.

Chachiwiri ndi magulu a mayina. M'Chichewa mneni amanyamula chizindikiro cha gulu la dzina, choncho mlembi angathe kuulula mtundu wa chinthu popanda kuchitchula. Mwana akathamangira m'nyumba n'kunena kuti "akubwera", tikudziwa kuti ndi munthu. Akanena kuti "chikubwera", mtima umadumpha, chifukwa kaphatikizo kamodzi katiuza kuti chobweracho si munthu, kapena ndi munthu amene wasiya kuonedwa ngati munthu. Chingerezi chimafuna mawu osiyana kuti chichite zimenezi, pomwe Chichewa chimangosintha chiyambi cha mneni.

Chachitatu ndi alozi otha ndi -ja, omwe amaloza chinthu chodziwika kale kwa oyankhulana. Mkazi akanong'oneza mwamuna wake kuti "munthu uja wabweranso", awiriwo akudziwa amene akunenedwa, koma womvera sakumudziwa. Mawu amodzi amenewa amutsekera kunja kwa chinsinsi ndipo sangachoke pa wayilesi asanalowemo.

Chachinayi ndi ulemu. Mlendo amene wakhala akunena kuti "inu bambo" akasintha mwadzidzidzi n'kunena kuti "iwe", womvera aliyense wa Chichewa amadziwa kuti zinthu zatembenuka, ngakhale mawuwo anenedwe mofatsa. N'chimodzimodzi ndi "odi" womveka usiku amene eni nyumba akuopa kumuyankha, kapena kugogoda kopanda "odi". Kuswa mwambo wa malonje kumaopsa kuposa kukuwa.

Mbali ya Magulu Oyimba

Nyimbo ndi sewero loimika mtima zakhala zikubwerekana zida. Gulu la Black Sabbath la ku Birmingham linatenga dzina lake ku filimu ya mu 1963 yomwe inali ndi nkhani zitatu zoopsa zotsegulidwa ndi Boris Karloff. Chimbale chawo choyamba, cha mu 1970, chimayamba ndi mvula, mabingu ndi belu gitala asanamveke, monga momwe sewero la pa wayilesi lingayambire. Gulu la Rush la ku Canada linatulutsa nyimbo yotchedwa The Twilight Zone mu 1976, ndipo pologalamuyi itayambiranso mu 1985 nyimbo yake yotsegulira inaimbidwa ndi Grateful Dead. Oyimbawa anaona kuti phokoso limatha kudikiritsa munthu monga momwe nkhani imachitira: ng'oma imachedwa, gitala amabwereza mawu omwewo, ndipo womvera amayembekeza kuphulika komwe akudziwa kuti kukubwera.

Rock woyandikira kwathu anali wa ku Zambia, wotchedwa Zamrock, m'zaka za m'ma 1970. Magulu monga WITCH ya Emmanuel Jagari Chanda, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family anasakaniza gitala wolira mokalipa ndi kayimbidwe ka kwawo. Paul Ngozi ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, ndipo dzina lomwe anasankha, komanso la chimbale chake cha mu 1976, Day of Judgement, likusonyeza kuti ankadziwa kukoma kwa chenjezo. Boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wayilesi zikhale za m'dziko momwemo, zomwe zinapatsa maguluwa msika.

Ku Malawi zinthu zinali zosiyana. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 ndi chiletso cha tsitsi lalitali kwa amuna zinasonyeza kuti boma silinkafuna chikhalidwe chomwe chinkayenda ndi rock. Komabe m'mizinda munali magulu a zida zamagetsi. Wambali Mkandawire anayamba ngati woyimba wa gulu la Pentagon ku Blantyre, lomwe linkasakaniza rock ndi nyimbo za makolo, ndipo pambuyo pake kunatchuka magulu monga Kalimba ndi Makasu. Kumidzi ngati kwa Kaduya, komwe magetsi kunalibe, oyimba ankadalira banjo, magitala osema okha ndi ng'oma. Allan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu anaonetsa kuti zida zosavutazi zingathe kunyamula chisoni ndi nkhawa zakuya. Mawu okalipa odzudzula, omwe kwina ananyamulidwa ndi rock, kuno anadzanyamulidwa ndi rege ya Lucius Banda ndi ya Evison Matafale ndi Black Missionaries. Wopanga sewero la Chichewa sayenera kukabwereka nyimbo zoopsa za m'mafilimu a kunja. Ng'oma ya tchopa yomveka chapatali, kenaka n'kusiya mwadzidzidzi, ingachite zambiri kwa womvera wa ku Phalombe.

Mantha Opanda Mpanda

Anthu a ku Phalombe safunika kuphunzitsidwa kudikira ndi khutu. Mu Malichi 1991 madzi osakanikira ndi miyala anatsika kuchokera ku phiri la Michesi n'kupha anthu ambiri, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anawononganso midzi ya ku Phalombe ndi Mulanje. Makolo amafotokoza zoterezi ndi nkhani ya Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chomwe chikamasamuka chimakokolola zonse za m'njira mwake. Steve Chimombo anagwiritsa ntchito chifanizo chimenechi m'ndakatulo zake. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, munthu wa m'munsi mwa phiri amagona akumvetsera. Kwa iye mantha a m'khutu ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Izi zikupereka udindo kwa mlembi. Pa 30 Okutobala 1938, Orson Welles anaulutsa sewero la The War of the Worlds molikonza ngati nkhani zochitikadi, ndipo omvera ena anakhulupirira kuti dziko laukiridwa. Ngakhale nyuzipepala zinakokomeza kukula kwa chipwirikiticho, phunziro lake lidakalipo. M'dera lomwe wayilesi imachenjeza anthu za kusefukira kwa madzi, sewero lisamavale malaya a chenjezo lenileni, chifukwa tsiku lomwe chenjezo lidzakhale loona anthu adzaliyesa sewero.

Chitsanzo chowawa kwambiri cha mantha opanda mpanda ndi mphekesera ya anamapopa. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekeserayi inafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu olusa powaganizira kuti amapopa magazi, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maderawa kwa kanthawi. Tikaiunika ngati nkhani, mphekeserayi inali ndi zida zonse zomwe tatchula: usiku, mlendo, chinthu chosaoneka, ndi "anthu aja" osatchulidwa dzina. Chomwe inalibe ndi wotsegula ndi wotseka. Panalibe wonena kuti "padangokhala", ndipo panalibe wotuma ana kukaphula mbatata. Womvera sanathe kutulukamo, choncho anatenga chibonga n'kukhala mpangankhani.

Rod Serling analemba za khalidwe lomweli mu 1960, m'sewero la The Monsters Are Due on Maple Street. Magetsi azima mumsewu wina, mnyamata anena kuti mwina ndi alendo ochokera kumwamba amene ali ndi akazitape pakati pawo, ndipo anansi ayamba kulozana zala mpaka mmodzi awombera mnzake. Woonera amachita mantha, koma pamapeto amazindikira kuti chilombo chinali kukayikirana kwa anthuwo. Sewero lotere, litalembedwa m'Chichewa n'kuikidwa m'mudzi wa m'munsi mwa Michesi, lingathe kufika pomwe chilengezo cha apolisi sichifika. Chilengezo chimauza munthu kuti anamapopa kulibe, ndipo iye amangoti akubisa. Sewero limamulowetsa m'gulu lothamangitsa mlendo, limamulola kumva kukoma kwa mkwiyo, kenaka limamuonetsa kuti wagona pansiyo anali mphunzitsi wobwera kudzayamba ntchito kapena mphwake wa mfumu wochokera ku Joni. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mlembi amene ali ndi luso logwira mitima sangalewe udindo wosankha komwe akuitengera.

Mawu Omaliza

Taona kuti mapologalamu akale a nkhani imodziimodzi anayima pa zinthu zochepa: mawu, phokoso, bata, ndi munthu wotsegula ndi kutseka nkhani. Taonanso kuti masewero a Chichewa anakula kwambiri pa nthabwala ndi pa malangizo chifukwa cha ndale ndi gwero la ndalama, pomwe chiyankhulocho chili ndi mvekero, magulu a mayina, alozi ndi mawu aulemu zomwe zingathe kuimika mtima wa womvera aliyense.

Pali ntchito ziwiri zomwe ophunzira a ziyankhulo ndi zolembalemba angagwire. Yoyamba ndi kufufuza ndi kulemba zomwe zatsala za masewero akale a MBC, pofunsa amene anasewera ndi amene ankamvera akadali moyo, pakuti mawu a pa wayilesi akapita sabwerera ngati sanasungidwe. Yachiwiri ndi kulemba masewero atsopano. Wayilesi za m'madera zachuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo sewero la pa wayilesi silifuna kamera, zovala kapena galimoto. Limafuna mlembi wodziwa chiyankhulo cha anthu ake, osewera atatu kapena anayi, woyimba mmodzi ndi chitseko cholira. Omvera a kwa Kaduya alipo kale ndipo makutu awo ndi akuthwa. Chatsala ndi kuwapatsa nkhani zomwe angalowemo ndi mantha n'kutulukamo ndi nzeru.